Ndinawamangira Nyumba ya Mchere

Inu owerenga, pali kulakwa kwina kumene munthu amachita osaba kanthu, osanamiza munthu, mtima uli pa zabwino zokhazokha. Kulakwa kwanga kunali kotero, ndipo n'chifukwa chake kunanditengera nthawi kuti ndikuvomereze. Ndinatsogolera anthu odzipereka kumangira nyumba banja lina losauka. Nyumbayo inanyenyeka yokha ngati chigumu, ndipo bambo amene tinkafuna kuti atsirizire masiku awo pouma anamwalira atagona miyezi yambiri m'chisakasa cha bango kuseri kwa nyumba yomweyo. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndinachenjezedwa tsiku loyamba lenileni, ine n'kuseka pamaso pa anthu.

Ine ndine kapitawo wa odula nzimbe pa esiteti ina kuno ku Chikwawa. Kwathu ndi kumapiri, ku Thyolo, kumene dothi lake ndi katondo wofiira, ndipo bambo anga ankaumba njerwa zogulitsa. Ndinakula ndi chikombole m'manja. Ikafika nkhani ya njerwa sindinkafuna munthu wondiphunzitsa. Kuchigwa kuno ndinabwera kudzagwira ntchito, ndakhala zaka zambiri m'nyumba ya kampani, ndipo ndinkadziona ngati mwini dera. Zoona zake n'zakuti ndinkadziwa minda ya nzimbe, msewu wopita kumsika ndi tchalitchi chathu basi. Ukapitawo nawonso umamuwononga munthu. Umazolowera kuti ukaloza chala anthu aziwerama, ndipo amene wafunsa funso umamuona ngati waulesi wofuna kupumirapo.

Chaka china Shire anasefukira moopsa, midzi ya kufupi ndi dambo inamira. Madzi ataphwera tinkaona anthu akugona pansi pa mitengo ya nimu, ena m'makalasi a sukulu. Ife a pa esiteti nyumba zathu sizinagwe, ndipo zinkatichititsa manyazi kudutsa anthuwo pa njinga tsiku ndi tsiku. Tinayambitsa kagulu kathu, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, odula nzimbe, a kufakitale, aphunzitsi angapo ndi amayi ogulitsa nsomba pamsika. Cholinga chinali kumanga nyumba zosalira ndalama zambiri, za zipinda ziwiri, njerwa zowotcha, malata pamwamba. Malata, simenti ndi misomali tinkagula ndi zosonkha. Ntchito yonse inali ya manja athu, Loweruka lililonse, ndipo banja lolandira nyumba linkathandiza kutunga madzi ndi kututa mchenga ngati lili ndi mphamvu.

Kusonkha tinkasonkha m'njira iliyonse imene yapezeka. Tinkapempha m'matchalitchi ndi kumzikiti, amayi ankakazinga mandasi, a kufakitale ankasewera mpira ndi a kuminda anthu n'kumalipira polowa, ndipo tinkatumiza uthenga pa foni kwa abale a ku Blantyre ndi ku Joni. Koma tinaona msanga kuti anthu sapereka pa chinthu chimene sanachione. Aliyense ankati tione kaye nyumba imodzi. Ndiye tinagwirizana zomanga nyumba yoyamba mwachangu, ndipo tsiku loipereka tichitenso ndawala kuchokera pamsika mpaka kumudziko, tiitane ndi akufuna kwabwino a ku Blantyre. Tsikulo tinalengeza tisanaumbe njerwa ngakhale imodzi. Ine anandisankha kuyang'anira zomangamanga chifukwa ankadziwa kuti chinthu ndikachigwira sichichedwa.

Nyumba yoyambayo inagwera banja la mayi Luwiza ndi amuna awo a Zuze. A Zuze anali msodzi wa kudambo pa nthawi yawo, wochokera cha kwa Mlolo, koma matenda anawapha mbali imodzi ya thupi. Sankayenda, mawu awo ankamveka movutikira, ndipo pofuna kuwatulutsa panja ankachita kunyamulidwa pa mphasa. Ana awo anali atamwazikana, wina ku Mozambique, wina sankadziwika kumene ali. Nyumba yawo ya mitengo ndi dothi madzi anaigwetsa mbali imodzi, mbali inayo inatsala chiimire, ndipo ankagona momwemo. Mayi Luwiza ndiwo ankadyetsa banjalo ndi ntchito yophika mchere. Kwa inu amene simunafikeko kuno, pali malo ena kuchigwa kumene nthaka imatuluka mchere nthawi ya dzuwa. Amayi amapala dothi la pamwamba n'kulithira madzi m'chosefera, madzi odonthawo n'kuwaphika mpaka mchere utatsala mumphika. Mayi Luwiza anayamba ntchito imeneyo ali mtsikana.

Titapita kukawauza za nyumbayo, sanapemphe zambiri. Anangoti khomo likhale lalikulu, kuti anthu awiri azitha kutulutsa a Zuze pa mphasa osawagunditsa mapewa, chifukwa bambowo ankakonda kukhala pansi pa nimu n'kumaona asodzi akupita kudambo. Ndinalemba zimenezo m'kabuku kanga, ndipo ndinadzimva kuti ndine munthu womvera osauka.

Vuto linali dothi loumbira. Anthu a m'mudzimo ankatenga dothi lawo pa chulu china chachikulu, kutali ndithu, kuseri kwa minda ya mapira, kumene kunalibenso madzi pafupi. Ine nditayendera malo ndinaona bwalo losalala pafupi penipeni ndi nyumbayo, lopanda udzu, lopanda chitsa, mjigo uli pomwepo. Ndinati Mulungu watikonzera yekha. Sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani malo abwino chotero, pakati pa mudzi wa anthu osowa nyumba, panalibe ngakhale dzenje limodzi la munthu amene anaumbapo.

Loweruka loyamba tinalawirira kukumba dzuwa lisanakwiye. Mayi Luwiza anafika ndi ndowa ya madzi pamutu. Atatula anagwada, anatsina dothi pang'ono n'kuliika palilime, kenako analavula. Anasuntha pang'ono n'kulawanso pena. Atatero anabwera pamene ndinaima, anapinda mawondo mwaulemu, n'kulankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"A Kapitawo, mataka ano ali na munyu. Njerwa zake nkhabe kukhala."

Chisena ndinkachimva. Ankandiuza kuti dothilo linali ndi mchere, njerwa zake sizidzalimba. Anawonjezera kuti n'chifukwa chake sipamera kanthu, ndipo mbuzi zimabwera kudzanyambita pomwepo. Iwo ananena chapansipansi, ine ndinayankha mokweza kuti onse amve.

"Mayi, njerwazi sitikathira mu ndiwo ayi. Ngati zili ndi mchere ndiye kuti nyumba yanu ikhala yokoma."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandikomera. Mmisiri wathu anali Che Amidu, mkulu wina wofatsa wa ku Machinga amene ankagwira ntchito kufakitale. Iwo sanaseke. Ananditengera pambali n'kunena kuti mwina tiwamvere mayiwa, popeza dothi ndiyo ntchito yawo. Ndinawayankha kuti moto wa uvuni umapsereza zonse, ndipo wofuna dothi la pachulu akalisenze yekha pamutu, chifukwa alendo a ku Blantyre sadikira munthu. Mumtima ndinaganiza choipa kuposa pamenepa. Ndinati munthu akulandira nyumba yaulere, akuyambanso kusankha dothi. Mawu amenewo sindinawatulutse, koma ndikukhulupirira kuti nkhope yanga inawanena, chifukwa mayi Luwiza anatola ndowa yawo n'kupitiriza kutitungira madzi tsiku lonse osanenanso kanthu.

Njerwa zinapsa bwino, zofiira, zamakona. Ndinatenga ziwiri n'kuziwombanitsa, zinalira, ndipo ndinachita kuwaitana mayi Luwiza kuti adzamve okha. Anangoti takhuta, kuthokoza kwa Chisena. Malo okwera pabwalo lawo anali amodzi okha, pamene panali nyumba yakale ija, choncho tinaijambula kaye kenako n'kuigwetsa, eni ake akusungidwa kwa oyandikana nawo. Mitengo yake tinaphikira chakudya cha ogwira ntchito. Pulasitala sitinapake, tinati simenti itsalire nyumba yachiwiri. Khomo lokha tinaika lalikulu monga anapempha, ndipo aliyense wobwera kudzaona ndinkamusonyeza khomolo.

Tsiku la ndawala linali lokoma, sindinama. Tinayenda padzuwa la mwezi wa Okutobala tikuimba, amayi akuvina, njinga zikulira mabelu. Titafika, amuna awiri ananyamula a Zuze pa mphasa n'kuwalowetsa pa khomo lija osagunda paliponse. Bambowo anatambasula dzanja lawo lamoyo, anasisita khoma, misozi ili chuchuchu. Anayesa kulankhula, ndipo akazi awo anatimasulira kuti akuti tsopano mvula ikagwa adzangoimvera padenga. Ngakhale ine, kapitawo wouma mtima, ndinatembenukira kumbali. Wina anajambula chithunzi cha awiriwo pakhomo, ndipo chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka kumene ife sitinafikeko. Thandizo linayamba kubwera monga tinkafunira.

Nyumba zotsatira tinakamanga m'midzi ina ya kumtunda, kumene dothi lake linali labwino mwamwayi chabe, osati chifukwa cha nzeru zanga. Zinaima bwinobwino, ine mutu n'kumakulirakulira. Chithunzi cha mayi Luwiza ndi a Zuze chinali pa chinsalu chathu cha ndawala, pa makalata opempha thandizo, paliponse. Mlendo aliyense wofuna kuona ntchito yathu tinkayamba kupita naye kwawo.

Mvula yoyamba itatha, mayi Luwiza anabwera kunyumba kwanga atanyamula kaphukusi ka mchere ngati mphatso. Atapereka moni wonse, ananena kuti nyumba yayamba kutuluka mchere m'munsi mwa makoma. Ine ndinali pa changu, tinali pa nyumba yachisanu ndi chimodzi. Ndinawauza kuti njerwa zatsopano zimatero, azingosesa. Anathokoza n'kumapita. Mchere uja mkazi wanga anathira mu ndiwo tsiku lomwelo, ndipo tinauyamikira kuti ndi wabwino.

Chaka chimenecho ndinapitako ndi alendo kangapo, koma nthawi zonse ndinkatumiza uthenga dzulo lake kuti tikubwera. Tinkapeza pabwalo posesa, a Zuze atagona pa mphasa pabalaza, atafunda nsalu yochapa. Kunja, m'munsi mwa makoma munali mozira ndi dothi lakuda. M'kati, mphasa zina zinali zoimika m'mbali mwa khoma, miphika ndi madengu zitandandalikidwa m'munsimo. Ndinkauza alendo kuti taonani mmene mayiwa akuisamalira nyumba yawo. Sindinasunthepo ngakhale dengu limodzi. Chipinda chogona chinkakhala chotseka, ndipo ndinkati ndi ulemu kusalowamo.

Dzinja lachiwiri linabwera ndi mvula yambiri. Anthu ena a zachithandizo anafika kudzagawa mapepala a pulasitiki ofolerera ndi mabulangeti kwa amene ankagona m'zisakasa. Anatipempha mayina a mabanja amene gulu lathu linawathandiza kale, kuti asalandire kawiri. Ndinalemba ndi dzanja langali, ndipo dzina la mayi Luwiza ndinaliika pamwamba penipeni monyadira. Sanalandire kanthu.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, nditaweruka masana, ndinaganiza zodutsira kwawo kuti ndikajambule chithunzi chatsopano chosonyeza nyumba yathu itaima pakati pa mvula. Ulendo uno sindinatumize uthenga. Ndinapeza chitseko chomanga ndi waya chakunja. Ndili pafupi kubwerera ndinamva munthu akutsokomola kuseri. Nditazungulira ndinaona chisakasa cha bango, chofolera ndi udzu ndi matumba akale, chachifupi moti ndinachita kuwerama polowa. M'katimo munali a Zuze. Mphasa yawo anaiika pamwamba pa njerwa zingapo kuti isakhudze matope, komabe inali yonyowa. Denga linkadontha pafupi ndi mapazi awo. Atandiona anayesa kukweza dzanja kuti andipatse moni.

Mayi Luwiza anafika kuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Atandiona anaima. Anapita kukhomo, anamasula waya uja n'kukankha chitseko. Tsikulo munalibe mphasa zoimika, munalibe madengu. Njerwa za m'munsi, kufika cha m'mawondo, zinali zitadyeka, zoyera ndi mchere pamwamba, pansi pali milu ya fumbi lofiira. Ndinaloza ndi chala pa njerwa ina, chala chinalowa. Kuchipinda khoma la kumbuyo linali litapendekera, atalichirikiza ndi mitengo iwiri, ndipo mng'alu wake unkaonetsa kunja. Anandiuza kuti anasamuka mvula isanayambe, tsiku limene chibuma cha njerwa chinagwa pafupi ndi mutu wa amuna awo. Uthenga wanga ukafika kuti kukubwera alendo, ankazira makoma, ankatchinga m'katimo, n'kupempha oyandikana nawo kuti awathandize kunyamula a Zuze kuwalowetsa. Alendo akapita ankawabwezera kuchisakasa.

Ndinakhala pansi pa fumbi lomwelo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Funso lopusa, popeza ananena kawiri konse, koma iwo sanandikumbutse zimenezo. Anangondiuza chifukwa chimene sanalankhulire pagulu.

"Ndikadalonga pagulu, baba, anthu akadasiya kusonkha. Nyumba imene mumaonetsa ndi inoyi. Anzanga osowa nyumba aja akadagona pati? Inu mudabwera na mtima wadidi, wabwino. Munthu wakuti wakupatsa, nkhabe kum'chititsa manyazi."

Inu owerenga, m'moyo mwanga ndanyozedwapo ndi mabwana, ndatukwanidwapo ndi odula nzimbe, koma palibe mawu amene anandilasa ngati amenewa. Mayi amene ndinamuseka pagulu ndi amene ankabisa manyazi anga, ndipo ankawabisa ndi thupi la mwamuna wake wodwala. Nyumba zonse zimene ndinkadzitama nazo zinamangidwa ndi kukhala chete kwake.

Apa ndiyenera kuulula kulakwa kwachiwiri, kumene kulibe chowiringula. Ndikanayenera kuitanitsa gulu tsiku lomwelo, kuwasamutsa a Zuze kupita nawo pouma, ngakhale kunyumba kwanga kumene kunali chipinda chongosungiramo njinga ndi matumba. Sindinatero. Ndinaopa. Mwezi wotsatira tinali ndi mpira wosonkhetsa, ndipo ndinadziuza kuti nkhani ikamveka tsopano zonse ziwonongeka. Ndinadziuzanso kuti njerwa siziumbika m'dzinja, ndiye kunena lero kapena mvula ikatha n'chimodzimodzi. Ndinagula pepala la pulasitiki ndi bulangeti ndi ndalama zanga, ndinakapereka mwakachetechete, n'kulonjeza kuti tidzakonza. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze. Ndinkati ndikuteteza gulu, koma chimene ndinkateteza ndi dzina langa.

Panatha masabata atatu ndikusinkhasinkha mmene ndidzayambire kulankhula. Chifuwa cha a Zuze sichinadikire. Anawatengera kuchipatala pa ngolo atalephera kupuma bwino, anagonako masiku ochepa, n'kumwalira. Sindine dokotala, ndipo sindinganene kuti akanakhala pouma akanakhala ndi moyo mpaka lero. Anali odwala kale. Koma ndikudziwa pamene ankagona, ndipo ndikudziwa amene anawagoneka pamenepo.

Pa maliro panabwera anthu ambiri, a gulu lathu onse, ngakhale ena amene ankangowadziwa a Zuze pa chithunzi. Mwa mwambo, mtembo ukafika umalowa m'nyumba ya mwini wake, amayi n'kulira momwemo, ndipo umatuluka pakhomo pake popita kumanda. Onyamula bokosi analunjika ku khomo lalikulu lija. Mayi Luwiza anaimirira pakati pa olira, anakaima pakhomopo n'kutambasula manja.

"Nkhabe. Muno musalowe anthu ambiri, ingakugwereni."

Ena anaganiza kuti ndi chisoni chawasokoneza. Che Amidu anapita, anakankha chitseko n'kusuzumira. Anakhalamo kanthawi, anatuluka fumbi lofiira lili m'manja, ndipo anandiyang'ana. Bokosi la a Zuze linakagona m'chisakasa cha bango, theka lake lili panja chifukwa silinakwane, ndipo anthu onse amene anayenda ndawala ija anaima pamenepo akuona. Patapita masiku owerengeka khoma la kumbuyo linagwa masana, mulibe munthu.

Pa msonkhano wotsatira ndinaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira pa nthabwala ya ndiwo ija mpaka masabata atatu amene ndinakhala chete. Mayi wina wogulitsa nsomba anati iye anakazinga mandasi mpaka manja kupsa, osadziwa kuti akumangira munthu msampha. Ena anasiya kubwera Loweruka, ena a ku Blantyre anasiya kutumiza thandizo, ndipo mabanja awiri amene anali pa mzere anadikira chaka china. Chimene mayi Luwiza ankaopa chinachitikadi, koma chinachitika mochedwa ndiponso moipa kuposa mmene chikanakhalira ndikanalankhula msanga. Udindo woyang'anira ndinautula ndekha. Ndinapempha kuti andisiyire chikombole ndi wilibala basi.

Gulu silinafe. Amene anatsala anagwirizana kuti ntchito yoyamba mvula ikatha ikhale kumanganso nyumba ya mayi Luwiza, ndipo tinalemba uthenga kwa onse amene anathandizapo kuwauza zoona zake. Chinsalu chija tinachipinda. Dzuwa litayamba, mayi Luwiza anatitsogolera kuseri kwa minda ya mapira mpaka pachulu paja. Anagwada, analawa, anasuntha, analawanso. Atakhutira anatsina dothi lina n'kundipatsa m'manja. Ndinaliika palilime anthu onse akuona. Linali lozizira, lopanda kukoma kulikonse. Pobwerera ndinapatukira pa bwalo losalala lija ndekha n'kulawanso. Mchere wake unali womveka ngati wa m'mbale. Chinali chinthu chimene ndikanachidziwa pa kanthawi kochepa tsiku loyamba lija, ndikanangowerama.

Dothi la pachulu tinalisenzadi pamutu ndi pa wilibala, monga ndinanenera monyoza paja, ndipo madzi tinkakatunga kutali. Ntchito imene kale inatitengera masabata ochepa inatha miyezi. Makoma atafika poti aike felemu, Che Amidu anatenga muyezo wa khomo lakale lija n'kuwafunsa mayi Luwiza ngati aike chimodzimodzi. Mayiwo anayang'ana ku mtengo wa nimu, kenako anapukusa mutu.

"Khomo lalikulu lekani, baba. Wakunyamulidwa adapita. Ine ndekha ndikwana paliponse."

Che Amidu anaika khomo wamba. Ine ndinali pambali ndi wilibala ya njerwa, ndipo ndinalira poyera, chinthu chimene sindinachite ngakhale pa maliro paja.

Tsopano ndikulankhula ndi inu amene muli m'magulu othandiza, amene mumasonkhetsa, mumayenda ndawala, mumapereka Loweruka lanu kwa anthu osawadziwa. Ntchito imeneyi ndi yabwino, musaisiye, inenso sindinaisiye. Koma mtima wabwino sulimbitsa khoma. Munthu amene mukumuthandiza wasowa nyumba, sanasowe nzeru, ndipo nthaka imene mwaimapo iye waidziwa moyo wake wonse. Akalankhula motsitsa mawu, dziwani kuti wachita kulimba mtima kuti anene, ndipo mukamuseka kamodzi mwina sadzanenanso. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuuzidwa osafunsa, n'kudyabe.

Musalengeze tsiku la alendo musanadziwe kumene dothi lichokere, chifukwa tsikulo lidzakulamulirani ndipo mudzayamba kumangira chithunzi m'malo momangira munthu. Nyumba mukapereka, bwererani mvula ikatha, osatumiza uthenga, opanda mlendo, ndipo musunthe madengu muone kuseri kwake. Wolandira adzakuuzani kuti zonse zili bwino chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu umenewo ungamuphe. Mukapeza kuti mwalakwitsa, nenani tsiku lomwelo. Manyazi sapha munthu, koma mphasa yonyowa imapha.

Nyumba yachiwiri ya mayi Luwiza ija yadutsa m'madzinja angapo tsopano, ndipo siinatuluke mchere ngakhale pang'ono. Mayi Luwiza ndi amene amatilawira dothi kulikonse kumene gulu likufuna kuumba, ndipo palibe khasu limene limagwa iwo asanavomere. Samanditchulira zakale, amandilandira bwino, amandipatsa mpando pansi pa nimu. Koma mvula ikamagwa padenga la malata kunyumba kwanga, ndimakumbukira a Zuze akusisita khoma lija n'kunena kuti adzangoimvera padenga. Anaimvera dzinja limodzi lokha, ndipo lachiwiri linawagwera pathupi chifukwa ine ndinakana kuwerama n'kulawa dothi.